Manambala achuluka m'foni koma thiraki siikudzaza: kawerengedwe ka makasitomala olowa ndi otuluka

Funso: Ndimanyamula katundu wa Amalawi anzathu kuchokera ku Joni kuno kupita ku Blantyre, Balaka ndi Mangochi, kawiri pamwezi. Ndakhala pantchitoyi zaka zisanu. M'foni mwanga muli manambala pafupifupi 1,900, ndili ndi ma broadcast 6 pa WhatsApp (mindandanda yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi) komanso gulupu ya anthu oposa 400. Mwezi uliwonse ndimaseva manambala atsopano, koma thiraki siikudzaza ngati kale. Ndingadziwe bwanji ngati anthu anga akuchuluka kapena akuchepa? Ndine wowerenga wa ku Turffontein.

Yankho: Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani: 1,900 imeneyo musamaiwerengere ngati makasitomala. Amenewo ndi anthu onse amene mwakumana nawo m'zaka zisanu, kuphatikizapo amene anabwerera kumudzi kalekale, amene anaberedwa mafoni, amene anasamukira kwa transporter wina, ngakhale amene anatisiya. Foni imadziwa kulandira kokha. Munthu akabwera ndi firiji yake mumamuseva pomwepo, koma akasiya kubwera nambala yake imangokhala phee pamalo pake, palibe chokudziwitsani. N'chifukwa chake chiwerengero cha m'foni chimangokwera chaka ndi chaka ngakhale bizinesi ikulowa pansi. Vuto lomweli lili ndi amayi ogulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero ku Yeoville, alembi a mabungwe a maliro, ndi akulu a mpingo amene amadabwa kuti pagulupu pali khamu koma Lamulungu mipando ili yopanda anthu.

Choyenera kuchita n'chimodzi. Muziwerenga olowa paokha, otuluka paokha, tsiku lofanana mwezi uliwonse, ndipo muzilemba. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu zikungothandiza kuti ziwerengero ziwirizo zikhale zoona. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Pamene pamavuta ndi podziwa kuti wotuluka ndi ndani, poti palibe kasitomala amene amabwera kudzatsanzika.

Musanayambe kuwerenga, sesani kaye. Pantchito yanu katundu mmodzi amabwera ndi manambala awiri: la wotumiza kuno loyamba ndi +27, ndi la wolandira kumudzi loyamba ndi +265. Wolandira uja ndi wofunika tsiku lotsitsa katundu, koma si amene amadzaza thiraki. Mukangopatula a +265 onse, mwina theka la mndandanda lichoka tsiku lomwelo. Kenako patulani madalaivala, makaniko, ma agent a paboda, ogulitsa matayala, abale anu ndi anzanu a kumpingo kapena kumzikiti. Otsalawo muwaone mmodzimmodzi, ndipo mupeza zimene zili m'foni ya transporter aliyense: "Mayi Firiji Diepsloot", pansi pake "Mayi Firiji 2", kwinakwake "Mayi Firiji new". Ameneyo ndi munthu mmodzi amene wasintha nambala kawiri, koma foni ikumuwerenga katatu. Ena munawaseva kawiri ndi nambala imodzimodzi, koyamba moyambira ndi 0, kachiwiri moyambira ndi +27. Ngati manambala anu ali mu akaunti ya Google, pulogalamu ya Google Contacts ili ndi poti ikusonyezeni ofanana n'kuwaphatikiza. Imagwira bwino manambala ofanana, koma mayi a firiji aja siingawadziwe kuti ndi munthu mmodzi. Amenewo muwadziwa ndinu.

Choncho lamulo lanu likhale lowerenga anthu, manambala azibwera pambuyo. Munthu aliyense mumupatse mzere wake umodzi, ndipo nambala ikasintha muziilemba pamzere womwewo, yakale osaifufuta. Chimene chimathandiza kwambiri kuzindikira munthu ndi wolandira wake. Mnyamata angasinthe SIM katatu pachaka, angasamuke ku Mayfair kupita ku Cosmo City, koma katundu wake amapitabe kwa mayi ake omwe aja a ku Namwera. Mukaona nambala yachilendo ikutumiza kwa wolandira amene mukumudziwa kale, funsani musanamulembe ngati watsopano.

Ndikhalepo pang'ono pa chifukwa chimene manambala a anthu athu amafera msanga kuno, chifukwa mukachimvetsa simudzafulumira kudziimba mlandu kapena kutsitsa mitengo popanda chifukwa. Lamulo la RICA limafuna kuti SIM iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndi chiphaso kapena pasipoti komanso umboni wa kumene akukhala. Ambiri mwa abale athu amagula SIM ya pamsewu yolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene sakumudziwa. Imagwira ntchito bwinobwino mpaka tsiku limene foni yatsomphoredwa m'tauni. Akapita kushopu kuti amubwezere nambala yomweyo, amalephera kutsimikiza kuti ndi yake, basi amangogula ina ya pamsewu. Munthuyo alipo, ntchito akugwira, katundu akufuna kutumiza, koma inu ndi iye mwatayana. Nambala yotayika ija siifa mpaka kalekale. Ikakhala miyezi ingapo osagwiritsidwa ntchito, kampani ya mafoni imaitenga n'kuipereka kwa munthu wina. Ndiye tsiku lina mumatumiza uthenga wa tsiku lonyamuka, n'kuyankhidwa m'Chizulu kapena m'Chisotho ndi munthu wofunsa kuti ndinu ndani, chithunzi cha pa WhatsApp chitasintha. Nambala yoteroyo ndi yamoyo kwa MTN kapena Vodacom, koma kwa inu inatha.

Palinso zotsutsana ndi zimenezi, zimene zimanamiza ma transporter ambiri. Munthu akabwerera kumudzi, kaya mwa kufuna kwake kapena atadutsira ku Lindela, kumene amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, nthawi zambiri WhatsApp yake imakhalabe pa nambala ya +27. Amagula bandulo ya Airtel kapena TNM, mauthenga anu akuwalandira, status yanu akuionera, mwinanso amakulemberani moni. M'foni mwanu akuoneka ngati ali ku Rosettenville pamene ali pakhonde ku Mangochi. Ameneyu sanakutayeni, ndipo akadzabweranso adzakufunani, koma lero sangaike ngakhale chikwama chimodzi m'thiraki.

Pa zifukwa zimenezi, umboni wa kasitomala wamoyo uchokere m'buku la malisiti, chifukwa lisiti silinama. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wanu ndi amene wabweretsa katundu n'kulipira. Koma muikepo malire a nthawi oyenerana ndi ntchito yanu. Wogulitsa ufa ndi nyemba angathe kunena kuti amene sanagule miyezi itatu wachoka, poti chakudya chimatha msanga. Inu simungatero. Pali anthu okhulupirika amene amatumiza kamodzi kokha pachaka, kumapeto kwa chaka, ndipo kuwalemba kuti achoka mu Juni kungakhale kuwalakwira. Ine ndimalangiza miyezi 13. Mwezi wowonjezerawo ndi wa munthu amene chaka chatha anatumiza pa 20 Novembala koma chaka chino watumiza pa 5 Disembala. Aliyense amene watumizapo katundu m'miyezi 13 yapitayi ndi wamoyo. Amene wadutsa pamenepo walowa m'gulu la otuluka mwezi umene malirewo akwana. Mukasankha malire musawasinthenso, chifukwa mukasintha, ziwerengero za chaka chino sizigwirizananso ndi za chaka chatha.

Kuipa kwa muyeso umenewu n'koti umachedwa. Munthu amene wakhumudwa nanu lero mudzamuona m'buku ngati wotuluka chaka chamawa. Choncho pakufunika muyeso wachiwiri wofulumira, ndipo umenewo muli nawo kale m'ma broadcast anu 6 aja. Mukatumiza uthenga wa tsiku lonyamuka, dikirani masiku atatu kapena anayi, kenako dinikizani uthengawo muone pamene pamasonyeza amene wawafika. Muziwerenga amene uthenga wawafika, a matiki awiri, kaya ndi otuwa kapena abuluu. Abuluu okha musawadalire, chifukwa anthu ambiri anazimitsa chosonyeza kuti awerenga. Otsala pa tiki imodzi ndi amene muwalembe mayina.

Tiki imodzi ili ndi matanthauzo angapo, ndiye musathamange nayo. Mwina munthuyo alibe data sabata imeneyo. Mwina foni inabedwa. Mwina anakubulokani. Koma tanthauzo limene ambiri salidziwa ndi ili: uthenga wa broadcast umangofika kwa munthu amene anaseva nambala yanu m'foni mwake. Broadcast imodzi imatenga anthu 256, ndipo mungadzaze onse 6 mpaka pakamwa, koma ngati theka la anthuwo sanakuseveni, theka limenelo silinamvepo tsiku lonyamuka ngakhale kamodzi. Munthu akagula foni ina manambala akale osabwerera, amatuluka mu broadcast yanu iye osadziwa, inunso osadziwa. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Amene wakhala pa tiki imodzi maulendo atatu otsatizana, mulembereni uthenga payekha. Ukafika, ndiye kuti vuto linali kuseva, mupempheni aseve. Ukapanda kufika, imbani. Ndipo kuyambira lero, kasitomala watsopano asachoke pamalo opakirira musanaone ndi maso anu kuti wakusevani. Zimatenga mphindi imodzi pamene mukuyeza katundu wake. Dziwaninso kuti WhatsApp imati akaunti ikakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti nthawi zambiri imafufutidwa, choncho mukaona nambala imene kale inali pa WhatsApp tsopano ikukuuzani kuti muitanire mwini wake, mwina imeneyo yakhala chete miyezi inayi kapena kuposerapo.

Za gulupu ya anthu 400 sindinenapo zambiri, chifukwa ndi muyeso wofooka kuposa yonse. Anthu sakonda kutuluka pagulupu ya munthu amene amamudziwa, amangoitseka pakamwa kuti isamalire n'kuiiwala. Komabe muzilemba chiwerengero chake mwezi uliwonse, ndipo muziona pansi pa mayina a mamembala pamene pamasonyeza amene anachoka m'masiku 60 apitawo. Amene walimba mtima mpaka kutuluka ali ndi chifukwa, ndipo n'chofunika kuchimva.

Tsopano kalembedwe. Gulani kope lachikuto cholimba, likhale la ntchito imeneyi yokha. Kumayambiriro kwake kukhale masamba a anthu: dzina, nambala, dera limene akukhala kuno, wolandira ndi boma lake, tsiku limene anatumiza koyamba, tsiku limene anatumiza komaliza, ndi mmene anakudziwirani. Tsiku lomalizalo muzilemba ndi pensulo poti lizisinthasintha. Kumapeto kwa kope kukhale tsamba limodzi la miyezi, mwezi uliwonse mzere umodzi: amoyo poyamba mwezi, atsopano, obwerera, otuluka, amoyo potha mwezi, ndi chiwerengero cha amene uthenga wa broadcast unawafika. Sankhani tsiku limene simukhala pamsewu, tinene Lolemba loyamba la mwezi, ndipo likhale lomwelo nthawi zonse. Mukawerenga mwezi uno pa 3, mwezi wamawa pa 25, ziwerengero zidzavina popanda chimene chasintha.

Ndipereke chitsanzo ndi ziwerengero zongoyerekeza. Mwayamba mwezi ndi amoyo 800. M'mwezimo mwabwera atsopano 40, ndipo 10 amene anali atatuluka kale atumizanso. Anthu 56 adutsa malire a miyezi 13. Mukaphatikiza 800 ndi 40 ndi 10, n'kuchotsa 56, mutsala ndi 794. Mwezi umenewo foni yanu yalandira manambala pafupifupi 80, otumiza 40 ndi olandira awo 40, ndipo mtima wanu ukuti bizinesi ikukula, pamene makasitomala achepa ndi 6. Koma ngakhale 6 ameneyo asakutengeni mtima. Yang'anani 56. Mugawe 56 ndi 800, mupeza kuti mwataya anthu 7 pa 100 alionse m'mwezi umodzi. Transporter wina akhoza kuchepanso ndi 6 yemweyo atalandira anthu 10 n'kutaya 16. Pachiwerengero chomaliza inu ndi iye mukufanana, koma matenda anu ndi osiyana. Iye anthu ake amakhala, chimene akusowa ndi kudziwika. Inu mumadziwika, koma anthu sakukhalitsa. Mankhwala a iye akhoza kukupwetekani inu, chifukwa mudzawononga ndalama pa mapepala olengezera ndi pa Facebook kuitana anthu amene adzatulukenso khomo lomwe lija.

Anthu 7 pa 100 amaoneka ochepa, koma amadya mwezi ndi mwezi. Pa anthu 100 amene muli nawo lero, mukamataya 7 pa 100 mwezi uliwonse, pakutha miyezi 12 mutsala ndi 42. Mukamataya 4 pa 100, mutsala ndi 61. Ndipo pali masamu ena amene ndimafuna wabizinesi aliyense awadziwe, chifukwa amakuuzani kumene mukulowera musanafikeko. Tengani chiwerengero cha olowa pamwezi, muchigawe ndi gawo limene mumataya. M'chitsanzo chathu olowa ndi 50, kuphatikiza atsopano ndi obwerera. Mukagawa 50 ndi 0.07 mupeza 714. Kutanthauza kuti zinthu zikapitirira chonchi, mndandanda wa 800 uja uzitsika pang'onopang'ono mpaka kukaima cha m'ma 714, pamene olowa ndi otuluka adzalingane. Mutachepetsa otuluka kufika pa 4 pa 100, ndi olowa 50 omwewo, ukaima pa 1,250. Kuti mufike pa 1,250 osachepetsa otuluka, mufunika anthu 88 olowa mwezi uliwonse. Inuyo mukudziwa chimene chili chotsika mtengo pakati pa kupeza anthu 38 owonjezera mwezi ndi mwezi, ndi kuimbira foni munthu amene TV yake inafika yosweka n'kukambirana naye mwaulemu.

Chenjezo lalikulu ndi la nyengo. Ntchito yanu ili ndi miyezi yake, ndipo mukayerekeza Januwale ndi Disembala mudzagona osadya popanda chifukwa. Kumapeto kwa Novembala masitolo amatsitsa mitengo pa Black Friday, mafiriji ndi ma TV amachuluka. Pakati pa Disembala makampani a zomangamanga amatseka, anyamata amalandira zawo, ena amatumiza katundu, ena amanyamuka okha. Januwale aliyense akulimbana ndi lendi. M'chilimwe kumudzi anthu amamanga, ndiye matayilosi, zitseko ndi mawindo zimayenda. Mvula ikayandikira, ndalama zambiri zimadutsa pa Mukuru kukagula feteleza m'malo mogula katundu kuno. Choncho mwezi uliwonse muziuyerekeza ndi mwezi womwewo wa chaka chatha. Inu amene mumapita ku Mangochi ndi Balaka muonjezerepo china: abale athu Achisilamu a ku Mayfair, Fordsburg ndi Lenasia amatumiza kwambiri Eid ikayandikira, ndipo Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Katundu amene chaka china anagwera mu Epulo, patapita zaka ziwiri kapena zitatu amagwera mu Malichi. Mukapanda kulemba zimenezi mudzaganiza kuti Epulo wafa.

M'mphepete mwa tsamba la miyezi musiye malo olembamo zochitika. Ulendo umene thiraki inagona masiku ambiri pa Beitbridge. Ulendo umene inawonongeka pakati pa Nyamapanda ndi Tete. Mwezi umene munakweza mtengo, umene munasintha malo opakirira, umene munalemba dalaivala watsopano. Ngakhale zochitika zimene si zanu, monga pamene Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa zoterezi zimasintha maganizo a munthu pakati pa kutumiza katundu ndi kutumiza ndalama. Phindu la mawu a m'mphepetewa limaoneka pambuyo. Mukaona otuluka achuluka mwezi wina, bwererani m'mbuyo miyezi 13 muone kuti anthu amenewo anatumiza komaliza pa ulendo uti. Kawirikawiri mupeza kuti ambiri a iwo anali ndi katundu pa ulendo umodzi womwewo, ndipo ulendowo mukuukumbukira bwino.

Mzere uja wa mmene anakudziwirani musaupeputse. Pakatha chaka, tengani anthu onse amene anabwera chifukwa chouzidwa ndi mnzawo, muone angati anatumizanso kachiwiri. Chitaninso chimodzimodzi ndi amene anakupezani pa Facebook, amene analandira kapepala pafupi ndi Park Station, ndi amene anamva kumpingo kapena kumzikiti. Muchitenso ndi miyezi: amene anayamba mu Disembala poyerekeza ndi amene anayamba mu Meyi. A Disembala ambiri amabwera chifukwa transporter wawo wadzaza, ndipo Januwale amabwerera kwa transporter wawo uja. Si kulakwa kwanu, koma musawawerengere pogula thiraki yachiwiri. Ulendo wachiwiri ndi umene umasonyeza kuti munthu wakhala wanu, choncho chiwerengero cha obwera kachiwiri ndimachilemekeza kuposa cha atsopano.

Ziwerengero zimakuuzani kuti angati, koma chifukwa chake muchimva pakamwa pa anthu. Mwezi uliwonse imbirani otuluka khumi, inuyo mwini wake, osati mnyamata wanu. Musayambe ndi malonda. Perekani moni, funsani za kumudzi, kenako nenani kuti mwaona papita nthawi. Yankho mulilembe ndi mawu amodzi pamzere wake: kumudzi, nambala yafa, wasamukira ku Cape Town kapena ku Durban, ntchito inatha, wapita kwa wina, wakhumudwa. Pakatha miyezi itatu mudzakhala ndi mayankho 30, ndipo mudzaona gawo limene lili m'manja mwanu. Wobwerera kumudzi simungamuletse, koma mungamufunse ngati wasiya mng'ono wake kuno. Wa nambala yakufa mungamupeze kudzera kwa wolandira wake. Wokhumudwa ndi amene amawawa kumumva, komanso ndi amene akukupatsani nzeru yaulere. Mumumvetsere mpaka amalize, osamudula.

Kope ndi lokwanira, koma ngati mumatha Google Sheets kapena Excel, ntchito ya Lolemba lija imafupika kwambiri, chifukwa mumangosanja anthu potsata tsiku lomaliza kutumiza, odutsa malire n'kuonekera okha. Samalani chinthu chimodzi: mapulogalamu amenewa amaona nambala ya foni ngati chiwerengero wamba, amadya 0 woyambirira kapena chizindikiro cha +. Musanalembe, uzani pulogalamuyo kuti malo a manambalawo ndi a mawu. Mwezi uliwonse sungani fayilo ina yokhala ndi deti m'dzina lake, yakale osaikhudza. Chimodzimodzi ndi Google Contacts, imalola kutulutsa manambala onse m'fayilo imodzi. Mafayilo a mwezi ndi mwezi amenewo ndiwo mbiri yanu. Amene amangokonza fayilo imodzi yomweyo amadziwa za lero zokha. Ngati muli pa kope, jambulani masamba ndi foni mwezi uliwonse, zithunzizo zikhale mu akaunti yanu ya Google, chifukwa kope limanyowa ndipo foni imabedwa. Ndipo wotuluka musamufufute m'kope. Muchotseni mu broadcast kuti malo apezeke, koma mzere wake ukhale, ndi deti limene anatuluka.

Pali gulu limodzi limene liyenera kukhala ndi chizindikiro chakechake: amene anena okha kuti musawatumizirenso mauthenga. Dziko lino la South Africa lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo limayang'aniridwa ndi ofesi ya Information Regulator. Gawo 69 la lamuloli limanena za malonda otumizidwa pafoni kapena pa imelo. Mwachidule, mungatumizire munthu amene anavomera, kapena kasitomala wanu amene anakupatsani nambala pochita nanu malonda, bola uthengawo ukhale wa ntchito yofanana ndi imene anadzera, ndipo nthawi iliyonse akhale ndi mwayi wokana. Akakana, mwasiya. Lamuloli silisankha kuti bizinesi ndi yaikulu kapena ndi ya thiraki imodzi. Ndiye manambala otapa pagulupu ya maliro kapena ya anthu a boma limodzi musawathire mu broadcast yanu. Amatupitsa mndandanda ndi anthu amene sanakufuneni, ndipo akachuluka okubulokani ndi kukunenezani, WhatsApp ikhoza kutseka nambala imene bizinesi yanu yonse yatsamirapo. Olandira a kumudzi nawonso nambala zawo munapatsidwa kuti mutsitse katundu, zithere pomwepo.

Ndikupempheninso chinthu china, monga Mmalawi mnzanu. Kope limeneli lidzakhala ndi mayina, manambala ndi madera a anthu mazanamazana, ena a iwo mapepala awo sali bwino. Musalembemo chilichonse chokhudza mapepala a munthu, ngakhale atakuuzani yekha pocheza. Musalisiye m'thiraki, musalibwereketse, musagulitse manambala kwa wokongoza ndalama kapena wa inshuwalansi ngakhale atakulonjezani zingati. Pa WhatsApp yanu ikani PIN ya manambala 6 yotsimikizira kawiri, ndipo SIM ya bizinesi ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu ndi pasipoti yanu. Anthu amenewa anakukhulupirirani ndi thukuta lawo, ndipo mndandanda wawo ukagwera m'manja olakwika, ovutika ndi iwo.

Simukuyenera kudikira chaka kuti muone kumene mukulowera. Ngati mabuku a malisiti a zaka zisanu zija mukadali nawo, mbiri yonse ili mmenemo. Khalani pansi Loweruka ndi Lamulungu limodzi ndi munthu wokuthandizani, wina aziwerenga malisiti, wina azilemba tsiku loyamba ndi lomaliza la munthu aliyense. Mukamaliza, werengani kuti ndi anthu angati osiyanasiyana amene anatumiza chaka chilichonse, ndi angati mwa a chaka chimodzi amene anaonekanso chaka chotsatira. Pamenepo funso lanu liyankhika ndi ziwerengero zanu zomwe. Zikhozanso kutheka kuti anthu sanachepe, koma aliyense akutumiza katundu wochepa kuposa kale. Malisiti omwewo akuuzani mukagawa ndalama za chaka ndi chiwerengero cha otumiza, ndipo likakhala limenelo ndiye vuto, muyang'ane mitengo, kukula kwa thiraki ndi kuchuluka kwa maulendo, mndandanda muusiye.

Otsala amene malisiti akusonyeza kuti anadutsa miyezi 13 koma uthenga ukuwafikabe, alembereni kamodzi, aliyense payekha, ndi dzina lake. Mawu ake akhale achidule, monga akuti: "Moni achimwene, ndine uja ndinakunyamulirani katundu wopita ku Balaka. Ndikukonza mndandanda wanga. Kodi ndizikudziwitsanibe masiku onyamuka? Ngati simukufuna, ingondiuzani, sindidzakuvutitsaninso." Musatumize mazana tsiku limodzi, agaweni pang'onopang'ono pa masabata angapo. Wovomera abwerere mu broadcast, koma m'kope akhalebe wotuluka mpaka tsiku limene adzabweretse katundu. Wokana mumuike chizindikiro chake chija. Amene sanayankhe pakatha masabata awiri mulembe deti pamzere wake, mumuchotse mu broadcast, ndipo akadzatulukira ndi nambala ina mudzamulembe pa obwerera.